Ngongole za ophunzira a m'mayunivesite ku Malawi ndi mtsutso wa kuzikhululuka

Ngongole za ophunzira ndi ndalama zimene boma la Malawi limabwereketsa ophunzira osowa omwe apeza malo ku yunivesite kuti alipirire fizi ndi kudzisamalira, n'kudzabweza akamaliza maphunziro. Ndondomekoyi inayamba m'chaka cha 1985, ndipo kuyambira mu 2015 imayendetsedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe mwachidule limalembedwa kuti HESLGB, koma anthu ambiri amangolitchula kuti Loans Board.

Kukhululuka ngongole ndi pamene wobwereketsa wafafaniza ngongole yonse kapena gawo lake, kotero kuti wokongola sakuyeneranso kubweza. M'mayiko angapo nkhani yokhululuka ngongole za ophunzira yafika m'misonkhano yandale, m'nyumba za malamulo ndi m'makhothi. Ku Malawi nkhaniyi ili ndi mutu wake: ndalama zimene obwereka akale amabweza ndi zomwe zimayenera kubwereketsedwa kwa ophunzira atsopano. Choncho funso silimathera pa yemwe akhululukidwe, limafikanso pa yemwe asowe fizi chifukwa cha kukhululukako.

Mbiri

Yunivesite ya Malawi italandira ophunzira ake oyamba mu 1965, maphunziro anali aulere. Boma linkalipira zonse, monga chakudya ndi malo ogona, komanso linkapatsa ophunzira kandalama kam'thumba. Izi zinkatheka chifukwa ophunzira anali ochepa kwambiri. M'zaka za m'ma 1980 chuma cha dziko chinavuta, ndipo boma linayamba kuchepetsa ndalama zimene limagwiritsa ntchito, motsatira mfundo zomwe linagwirizana ndi World Bank ndi IMF. Mu 1985 ophunzira anayamba kusonkhako gawo la mtengo wa maphunziro awo, ndipo amene sakanakwanitsa ankapatsidwa ngongole.

Poyamba ngongolezi zinkayendetsedwa ndi yunivesite yomwe. Mu 2005 boma linakhazikitsa thumba lapadera la ngongole za ophunzira a m'mayunivesite aboma, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inaperekedwa kwa kanthawi ku banki ya Malawi Savings Bank. Njira zonsezi zinali ndi vuto limodzi: ndalama zinkatuluka chaka ndi chaka koma zobwerera zinali zochepa zedi. Panalibe lamulo lamphamvu lokakamiza munthu kubweza, ndipo pafupifupi wophunzira aliyense wosankhidwa ndi boma ankapeza ngongole, kaya ndi wosowa kaya ayi.

Pa nthawi yomweyo mayunivesite anachuluka. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, LUANAR inayamba kuima payokha mu 2012, MUST ya ku Thyolo inatsegulidwa mu 2014, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS. Mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba nawonso anawonjezeka. Maphunziro a pulayimale aulere, omwe anayamba mu 1994, anachulukitsa ana ofika ku sekondale ndi ofuna malo ku yunivesite.

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Higher Education Students' Loans and Grants Act, lomwe linabala Loans Board. Nthawi yomweyo boma linasiya kupereka ndalama zaulere zodzisamalira kwa ophunzira atsopano a m'mayunivesite aboma. Mu 2016 Yunivesite ya Malawi inakweza fizi kufika pa K400,000 pachaka. Ophunzira anachita ziwonetsero, makoleji ena anatsekedwa, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anatsitsako K50,000 pa mtengowo. Kuyambira nthawi imeneyo ngongole inasanduka khomo lalikulu lolowera ku yunivesite kwa ana a mabanja osauka.

Momwe ngongoleyi imayendera

Loans Board ili ndi ntchito zitatu: kupereka ngongole kwa ophunzira osowa, kupereka mphatso ya ndalama zosabweza kwa ophunzira okhoza bwino kwambiri, ndi kutolera ngongole kwa onse amene anabwerekapo kuyambira mu 1985. Wofuna ngongole ayenera kukhala nzika ya Malawi, akhale atapeza malo pa sukulu yovomerezedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, ndiponso aonetse umboni wakuti iye ndi omulera sangakwanitse kulipira. Ophunzira a m'mayunivesite omwe si aboma nawonso amaloledwa kupempha.

Ndalama ya fizi imatumizidwa ku yunivesite, pamene ndalama yodzisamalira imapita kwa wophunzira. Ndalama yodzisamalirayi yakhala ikukwezedwa chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo mu 2024 boma la Pulezidenti Lazarus Chakwera linaikweza kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka. Wophunzira akamaliza sukulu amapatsidwa zaka ziwiri zopuma asanayambe kubweza. Akalembedwa ntchito, womulembayo ayenera kudziwitsa bungweli ndi kumadula gawo la malipiro mwezi ndi mwezi. Wodzilemba yekha ntchito amayenera kukagwirizana ndi bungweli za kabwezedwe.

Cholinga cha lamuloli n'chakuti thumbali lizizungulira lokha ngati banki m'khonde: wina akabweza, wina abwereke. Koma kufikira lero gawo lalikulu la ndalama zobwereketsa limachokerabe mu bajeti ya boma, ndipo chaka chilichonse pamakhala opempha ambiri amene dzina lawo silituluka pa mndandanda wa opatsidwa.

Chifukwa chake ngongole zambiri sizinabwerere

Chifukwa choyamba ndi kaundula. Kwa zaka 30 mafayilo a obwereka anali mbalambanda m'makoleji osiyanasiyana, ena osakwanira, ena otayika. Malawi analibe chiphaso cha unzika mpaka mu 2017, choncho kunali kovuta kulondola munthu amene wasintha dzina, wasamuka kapena wapita kunja.

Chachiwiri ndi kaganizidwe kakuti za boma zilibe mwini. Ambiri amene anasaina mafomu a ngongole m'zaka za m'ma 1990 ankaziona ngati mwambo chabe wolembetsera sukulu, chifukwa sanaonepo munthu atafunsidwa kubweza. Ena mwa iwo lero ndi akuluakulu m'boma, m'makampani ndi m'ndale. Ichi ndicho chinachititsa Loans Board kufika posindikiza mayina a osabweza m'nyuzipepala.

Chachitatu ndi ulova. Achinyamata omaliza digiri akuchuluka kuposa ntchito zolembedwa. Ambiri amatha zaka akuyenda ndi makalata ofunsira ntchito, ena amachita geni yaing'ono, ena amapita ku South Africa. Kudula ngongole pa malipiro kumatheka pokhapokha munthu ali pa ntchito yodziwika.

Chachinayi ndi kugwa mphamvu kwa kwacha. Mu 2001 fizi ya K25,000 inali pafupifupi madola 350 a ku America. Mu 2024, kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, K25,000 yomweyo inali pafupifupi madola 14. Izi zikutanthauza kuti munthu amene wachedwa kubweza zaka 20, n'kudzabweza ndalama yomwe ija, wakhululukidwa kale gawo lalikulu popanda lamulo lililonse kunena choncho. Pa chifukwa chimenechi nkhani ya chiwongoladzanja siisiyana ndi nkhani ya kukhululuka.

Mfundo za ofuna kuti ngongole zikhululukidwe

Amene amafuna kuti ngongole zifafanizidwe, zonse kapena zina, amanena kuti maphunziro apamwamba amapindulira dziko lonse, osati wophunzira yekha. Dokotala, namwino, mphunzitsi wa ku sekondale kapena mlangizi wa zaulimi amatumikira anthu ambiri pa malipiro ochepa, ndipo amalipira kale msonkho pa malipirowo. Kwa iwo kudula ngongole pamwamba pa msonkho kuli ngati kulipiritsa munthu kawiri.

Amanenanso kuti ngongole imagwera osauka okha. Mwana wa banja lopeza bwino amamaliza digiri alibe ngongole, pamene mnzake wa kumudzi amayamba moyo ali kale ndi chobweza, kuwonjezera pa udindo wolipirira azing'ono ake sukulu ndi kusamala makolo.

Mfundo ina imakhudza chilungamo pakati pa mibadwo. Atsogoleri ambiri amene anakhazikitsa ndondomeko ya ngongole anaphunzira mwaulere, kapena analipira kandalama kochepa. Palinso zitsanzo za ngongole zina zimene zinakhululukidwa kapena kusenzedwa ndi boma. Mu 2006 mabungwe ndi mayiko obwereketsa anakhululukira Malawi gawo lalikulu la ngongole zake zakunja. Mu 2015, pokonzekera kugulitsa Malawi Savings Bank, boma linasenza ngongole za pafupifupi K6 biliyoni zimene makampani ndi anthu ena sanabweze ku bankiyo. Ofuna chikhululuko amafunsa chifukwa chake ochita malonda akuluakulu angapepukidwe katundu pamene wachinyamata wosowa ntchito akusakidwa.

Mfundo za otsutsa

Otsutsa amayambira pa chiwerengero. Mwa achinyamata 100 a msinkhu wopita ku yunivesite ku Malawi, amene amapeza malo sakwana asanu, ndipo chiwerengerochi ndi chimodzi mwa zotsika kwambiri padziko lonse. Ambiri mwa opeza malowo amachokera m'mabanja a m'tauni ndi m'masukulu a sekondale okhala ndi zipangizo zokwanira. Munthu wa digiri, ngakhale avutike poyamba, amakhala ndi mwayi wopeza ndalama zambiri m'moyo wake kuposa mlimi wamba. Kufafaniza ngongole yake ndiye kuti mtolowo wasenzetsedwa kwa okhoma misonkho onse, kuphatikizapo mlimi amene amalipira msonkho pogula sopo, shuga ndi mayunitsi a foni koma mwana wake sanafike ndi ku Fomu 4 komwe.

Mfundo yachiwiri ndi ya thumba lozungulira. Kwacha iliyonse yosabwerera ndi kwacha imene wophunzira wa chaka choyamba saipeza. Nkhani za ophunzira osiyira sukulu panjira chifukwa cha fizi, kapena ogona ndi njala m'nyumba za lendi ku Chikanda ku Zomba ndi ku Ndirande ku Blantyre, zimatuluka kawirikawiri m'nyuzipepala ndi pa wailesi.

Mfundo yachitatu ndi ya khalidwe la kabwezedwe. Kukhululuka kamodzi kumaphunzitsa obwereka otsatira kuti azidikira chisankho china. Malawi anazionapo izi pa ngongole za alimi. Bungwe la Smallholder Agricultural Credit Administration linkabwereketsa feteleza ndi mbewu kudzera m'makalabu a alimi, ndipo kwa zaka zambiri alimi ankabweza bwino kwambiri. Chilala cha 1992 chitagwa, n'kubweranso ndale za referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, mbiri inafala yakuti ngongolezo sizidzabwezedwa. Alimi ambiri analeka kubweza, ndondomekoyo inagwa, ndipo m'malo mwake munabwera kampani ya Malawi Rural Finance Company. Ngongole za mabizinesi ang'onoang'ono za MARDEF, YEDEF, MEDF ndi NEEF nazonso zakhala zikuvutika ndi maganizo akuti ndi mphatso za chipani cholamula.

Otsutsa amawonjezera kuti kukhululuka onse kungakhale kulakwira amene anadzimana n'kubweza ngongole yawo yonse.

Zimene malamulo amanena

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1994, amanena mu gawo 25 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Gawo 13 limalamula boma kuika chuma chokwanira pa maphunziro, kuti a pulayimale akhale aulere ndi okakamiza, komanso kuti mwayi wa maphunziro apamwamba ukule. Malamulowa sanena kuti maphunziro a ku yunivesite akhale aulere. Mbali zonse ziwiri zimatsamira pa gawo 13 lomweli: ena amati ngongole yolemera imatseka mwayi, ena amati kusabweza ndiko kumatseka mwayi wa obwera m'mbuyo.

Ngongole ya wophunzira ndi mgwirizano wosainirana, ndipo ndalama zake ndi za boma. Lamulo la 2015 limati ngongoleyi iyenera kubwezedwa, limapatsa bungwe mphamvu zotengera wosabweza kukhothi, komanso limaika chilango kwa olemba ntchito amene sakudula ndi kutumiza ndalamazo. Popeza udindo wobweza unaikidwa ndi Nyumba ya Malamulo, lonjezo la pa msonkhano wandale palokha silifafaniza ngongole ya munthu. Kukhululuka kwa onse kungafune kuti aphungu asinthe lamulo ndi kupeza mu bajeti ndalama zolowa m'malo mwa zotayikazo. Njira imene maboma onse atsata kuyambira mu 2015 ndi yotolera, osati yofafaniza.

Nkhaniyi kumidzi: chitsanzo cha Bembeke

Bembeke ndi dera la kumapiri kum'mwera chakum'mawa kwa boma la Dedza, m'dera la Mfumu Yaikulu Kamenyagwaza. Ndi malo ozizira, odziwika ndi ulimi wa mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi, tomato ndi mapichesi, zomwe zimagulitsidwa pa msika wa pamphambano ya Bembeke mumsewu wa M1. Derali lili ndi mbiri yakale ya sukulu. Mishoni ya Katolika inakhazikitsidwa kumeneko mu 1910 ndi ansembe a White Fathers, ndipo kuli sukulu yophunzitsa aphunzitsi aakazi ya St. Joseph's. M'boma lomweli muli Dedza Government Secondary School, imene inatsegulidwa mu 1951 ndipo inaphunzitsa anthu ambiri odziwika m'dziko muno. Ngakhale zili choncho, boma la Dedza lilibe yunivesite yaboma. Yapafupi ndi LUANAR ku Bunda, m'boma la Lilongwe.

Kwa banja la mlimi wa ku Bembeke, mwana akasankhidwira ku yunivesite pamafunika fizi, thiransipoti, lendi ndi chakudya cha m'tauni nthawi imodzi. Ndalama za banja lotere zimabwera pa nyengo yokolola basi, ndipo zimadalira mtengo wa feteleza, matenda a mbatata ndi mtengo umene mavenda apereke. Ngati ngongole sinatuluke, zotsala ndi kugulitsa ziweto, kubwereketsa munda, kukongola ku banki m'khonde kapena kwa akatapila, mwinanso kupempha thandizo ku mpingo ndi kwa abale.

M'mudzi umodzi wa dera ngati limeneli mungapezeke anthu atatu amene mtsutsowu umawakhudza mosiyana. Woyamba ndi womaliza digiri amene wabwerera kwawo kudzalima chifukwa ntchito sinapezeke, ndipo zaka ziwiri zopuma zatha. Wachiwiri ndi wophunzira wa Fomu 4 wa pa sekondale yoyendera, amene tsogolo lake likudalira kuti thumba la Loans Board likhale ndi ndalama. Wachitatu ndi mlimi amene ana ake sadzafika ku yunivesite koma amakhoma nawo misonkho. Kukhululuka onse kumathandiza woyamba, koma mtengo wake umagwera wachiwiri ndi wachitatu. Kukakamiza onse mosayang'ana mapezedwe kumapweteka woyamba popanda kubweretsa ndalama, chifukwa alibe chobweza.

Vuto la kudikira ntchito si la a digiri okha. Aphunzitsi a pulayimale omaliza maphunziro a IPTE m'makoleji ngati la ku Bembeke akhala akudikira chaka kapena zaka boma lisanawalembe ntchito. Izi zimasonyeza kuti nthawi yochoka pa kumaliza sukulu kufika pa malipiro oyamba siili m'manja mwa wophunzira.

M'mayiko ena

Ku United States ngongole za ophunzira zimaposa madola 1.6 thiriliyoni. Mu Ogasiti 2022 Pulezidenti Joe Biden analengeza zokhululuka mpaka madola 10,000 kwa wobwereka aliyense wa malipiro osapitirira mlingo woikidwa, ndi mpaka madola 20,000 kwa omwe analandirapo thandizo la Pell Grant. Boma linatsamira pa lamulo la HEROES Act la 2003. Pa 30 Juni 2023 khothi lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Biden v. Nebraska, linagamula ndi oweruza 6 kwa 3 kuti lamulolo silinapatse boma mphamvu yofafaniza ngongole za pafupifupi madola 400 biliyoni popanda chilolezo chomveka cha nyumba ya malamulo. Dzikolo lilinso ndi ndondomeko ya 2007 imene imakhululukira ogwira ntchito zotumikira anthu akabweza kwa miyezi 120.

Ku South Africa ziwonetsero za FeesMustFall zinayamba mu Okutobala 2015. Mu Disembala 2017 Pulezidenti Jacob Zuma analengeza maphunziro apamwamba aulere kwa ana a mabanja opeza ndalama zosapitirira R350,000 pachaka, ndipo kuyambira mu 2018 thandizo la bungwe la NSFAS kwa ophunzira otere linasanduka losabweza. Mtsutso wa ngongole zakale sunathe.

Ku Zambia lamulo la 2016 linakhazikitsa bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lomwe limatolera ngongole kwa amene anabwereka kuyambira mu 2004. Ndalama ya chakudya ya ophunzira inachotsedwa mu 2019, n'kubwezeretsedwa mu 2023 pansi pa Pulezidenti Hakainde Hichilema.

Ku Australia kuyambira mu 1989, ndiponso ku England, munthu amayamba kubweza pokhapokha malipiro ake apitirira mlingo woikidwa, ndipo ndalamazo zimadulidwa pamodzi ndi msonkho. Ku England ngongole yotsala imafafanizidwa pakatha zaka 25, 30 kapena 40, malinga ndi chaka chimene munthu anayamba maphunziro.

Njira zapakati

Pakati pa kukhululuka onse ndi kukakamiza onse pali njira zingapo zimene mayiko amagwiritsa ntchito. Yoyamba ndi kubweza molingana ndi mapezedwe, kuti wosowa ntchito aimitsidwe kaye kubweza mpaka atayamba kupeza ndalama. Yachiwiri ndi kuchotsera gawo la ngongole aphunzitsi, anamwino ndi madokotala amene avomera kugwira ntchito kumidzi kwa zaka zingapo. Yachitatu ndi kuchotsa zilango kwa amene abweza ngongole yonse nthawi imodzi, monga momwe bungwe la HELB la ku Kenya lachitirapo. Yachinayi ndi kufafaniza ngongole za omwalira ndi za olumala kwambiri moti sangathe kugwira ntchito.

Njira zonsezi zimafuna kaundula wodalirika wolumikiza Loans Board, chiphaso cha unzika, bungwe lotolera misonkho la MRA ndi olemba ntchito. Popanda kaundula wotere n'kovuta kusiyanitsa munthu amene akulephera kubweza ndi amene akukana kubweza, ndipo kusiyanitsa anthu awiriwa ndi pamene pagona mtsutso wonse wa ngongole za ophunzira ku Malawi.